Ababa ku Lesitilanti ya Ataliyana ku Sandton

Ababa anaphika chakudya cha Chitaliyana kwa zaka 30. Analowa ntchito pa mishoni ina m'boma la Balaka mu 1977, ali mnyamata wowaza nkhuni ndi kutsuka mapoto, ndipo anapuma mu 2007 ali khukhi amene ansembe a maparishi ena ankamutumizira anyamata awo kuti awaphunzitse. M'zaka zonsezo sanakhalepo pa tebulo limene chakudyacho chinkapita. Ankalawa ataimirira, ndi nsonga ya supuni, n'kunyamula mbale kupita nazo kuchipinda chodyera, n'kubwerera kukhitchini kukadikira belu. Akaweruka usiku ankabwera kunyumba kudzadya nsima imene amayi awasungira m'bakuli.

Sindikunena kuti ansembewo anali ouma mtima. Anandilipirira sukulu mpaka Fomu 4, ndipo pamaliro a amayi mmodzi wa iwo, nkhalamba yoyendera ndodo, anagona nafe pasiwa. Koma khukhi ndi khukhi. Malo ake ndi pamoto, ndipo ababa akanati auzidwe kuti kokani mpando mukhale, akanakana okha. Ine ndinakulira kuseri kwa khitchini imeneyo. Fungo la adyo ndi anyezi m'mafuta a olivi ndinalidziwa ndisanadziwe kuwerenga. Nthawi zina ababa ankabweretsa zotsala m'kambale kovundikira ndi nsalu, ife ana n'kumakanganirana, koma iwo sankadyako. Ankati zimenezo sizikhalitsa m'mimba.

Mwezi wathawu anabwera kuno ku Johannesburg kudzaona mdzukulu wawo. Ali ndi zaka 70 tsopano. Anakwera basi ku Blantyre, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo pamene ndinkawalandira pa Park Station mapazi awo anali atatupa moti nsapato anachita kuvula. Atakhala nafe milungu iwiri ndinauza bambo a kunyumba kuti ndikufuna kupita nawo ababa kukadya kwa Ataliyana, kumalo enieni, osati kogula pitsa ya m'katoni. Anandifunsa ngati ndikudziwa mitengo ya kumeneko. Ndinati ndikuidziwa. Ndine namwino, ndimagwira mashifiti a usiku, ndipo ndalama imene ndinkafuna kuwononga usiku umodziwo ndimaidziwa kulemera kwake. Koma mlendo ndi mame, ndipo sindikudziwa ngati miyendo ija idzalolenso ulendo wa masiku awiri pa basi.

Ababa sindinawauze kumene tikupita. Ndinangoti avale jekete. Anavala ya buluu imene amapita nayo ku Misa ya Pasaka, n'kumanga tayi, n'kupempha polishi ya nsapato. Mwana tinamusiya ndi bambo ake. Tinakwera Gautrain mpaka ku Sandton chifukwa ndinkafuna aone sitima yoyenda pansi pa nthaka, ndipo tinadzera pa Nelson Mandela Square kuti ndiwajambule pafupi ndi chiboliboli chija chachitali mamita 6. Anaima nji, manja m'mbali, ngati pa chithunzi cha chiphaso.

Titafika pakhomo pa lesitilanti anaima. Anali asanawerenge n'komwe chikwangwani. Anangokweza mphuno pang'ono n'kunena kuti, "Muno muli Ataliyana." Ndinafunsa kuti adziwa bwanji. Anati, "Akukazinga salvia m'batala." Salvia ndi katsamba kotuwa, kofewa ngati khutu la kalulu, ndipo anati kunali tchire lake kuseri kwa khitchini ya pa mishoni, limene wansembe wina anabwera nalo kuchokera kwawo. Ine ndadutsa pa tchire limenelo ubwana wanga wonse osalidziwa dzina.

M'kati munali kuwala kochepa, matebulo ovala nsalu zoyera mbee, khoma limodzi lonse mabotolo a vinyo mpaka kudenga. Mtsikana wa pakhomo anapeza dzina langa pa kompyuta n'kutitsogolera. Mnyamata woperekera zakudya anakokera ababa mpando. Apa m'pamene mtima wanga unayamba kugunda, chifukwa ababa sanakhale. Anaima pambali pa mpandowo, dzanja limodzi kumbuyo, akudikira kuti wina akhale. Thupi lawo linkadziwa malo amodzi okha m'chipinda chotere. Ndinati chapansipansi, "Ababa, mpandowu ndi wanu, khalani." Anayang'ana mnyamatayo, anayang'ana ine, kenako anakhala cha kumapeto kwa mpando, msana osatsamira.

Mnyamatayo atamva Chichewa nkhope yake inasintha. Anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji bambo? Takulandirani." Anali wa ku Mangochi, ndipo wagwira ntchito m'malesitilanti a ku Joni zaka 8, kuyambira kotsuka mbale. Aliyense amene wakhala kuno akudziwa kuti kuseri kwa zitseko za makhitchini ambiri a mumzinda uno kuli Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe, choncho sindinadabwe. Koma kwa ababa chinali chinthu chachikulu. Anamufunsa mudzi, mfumu yake, ngati makolo ali moyo, ngati amatumiza kangachepe kumudzi. Mnyamatayo anayankha zonse mwaulemu, manja atagwira menyu pachifuwa, mpaka ndinachita kuwakumbutsa kuti mwanayu ali pa ntchito.

Ndinali nditakonzeka kuwawerengera menyu ndi kuwamasulira. Kunyumba ndinali nditaiona kale pa intaneti n'kuloweza mayina angapo. Ababa anatulutsa magalasi, anatsegula chikutocho, n'kuyamba kuwerenga mokweza pang'ono, mawu aliwonse m'katchulidwe kake. Antipasti. Primi. Secondi. Contorni. Dolci. Chingerezi chawo n'chochepa, sukulu analekeza Sitandade 6, koma Chitaliyana cha m'khitchini chinkatuluka m'kamwa mwawo ngati Atate Athu. Anandifotokozera kuti Mtaliyana sadya zonse m'mbale imodzi monga timachitira ife ndi nsima ndi ndiwo. Amayamba ndi kotsegulira m'kamwa, kenako pasta kapena mpunga paokha, kenako nyama kapena nsomba ndi masamba pambali, n'kumalizira chotsekemera ndi khofi. Ndinati ine ndifuna pasta ya nkhuku. Anapukusa mutu. "Nkhuku siilowa m'pasta, mwana wanga. Imeneyo aikamo chifukwa cha anthu a kuno." Ndipo anandisankhira china.

Chinthu chimodzi chokha ndinawapempha, kuti asayang'ane manambala a kumanja. Anayang'anabe. Ndinawaona milomo ikuyenda, akusintha ma rand kukhala makwacha, ndipo atafika pa ossobuco anavula magalasi. Anati mtengo wa mbale imodziyo kumudzi ndi mbuzi. Ndinati, "Ababa, lero musawerenge. Mwawerengera anthu zaka zambiri." Anakhala chete kanthawi, kenako anavalanso magalasi n'kuuza mnyamata uja zimene tidye, m'ndondomeko yake, osandifunsanso.

Poyamba kunabwera buledi ndi kambale ka mafuta a olivi, kenako burrata, tchizi choyera chofewa cha ku Puglia, kum'mwera kwa Italy, chimene ukachidula m'kati mwake mumatuluka zonona. Ichi ababa anali asanachionepo. Ansembe awo anali a kumpoto, ndipo chinthu chosachedwa kuwonongeka chotere sichikanafika ku Balaka. Anadya pang'ono, anati n'chabwino, koma mtima wawo sunali pamenepo. Ankadikira mpunga.

Ansembe ambiri a Chitaliyana amene anatumikira m'dera lathu anali a chipani cha Montfort, ndipo ochuluka mwa iwo anali ochokera ku Bergamo ndi midzi yozungulira, kufupi ndi Milan, m'chigawo cha Lombardy. Ngakhale bishopu woyamba wa dayosizi ya Mangochi, Alessandro Assolari, anali wa komweko. N'chifukwa chake Chitaliyana chimene ababa anaphunzira kuphika sichinali cha pitsa ndi tomato wambiri chimene anthu amaganiza. Chinali cha batala, tchizi, mpunga, chimanga ndi nyama yophika nthawi yaitali. Anaphunzitsidwa ndi m'bulazala wina wokalamba amene sankadziwa Chichewa bwino, moti ankaphunzitsa ndi manja ndi mawu awiri okha, piano piano, kutanthauza pang'onopang'ono. Mawu amenewa ife ana tinakula nawo. Ukathamanga ndi ndowa ya madzi ababa ankakuwa kuti piano piano.

Risotto itafika, yachikasu ngati dzira la nkhuku ya chikuda, ababa sanagwire foloko. Anagwira mbale m'mphepete n'kuipendeketsa pang'ono. Mpungawo unayenda pang'onopang'ono kutsetserekera mbali imodzi, osamwazika, osaumanso gwa. Anagwedeza mutu. Anati umu ndi mmene uyenera kukhalira, uziyenda ngati funde la panyanja kukakhala bata. Kenako anatapa pang'ono, anatafuna nthawi yaitali maso ali pa nsalu ya tebulo, ndipo anati, "Kodi mpunga wake ndi umenewu."

Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani. Anandiuza kuti zaka zonse zija risotto ankaphikira mpunga wa Kilombero, chifukwa ndi umene unalipo. Kaphikidwe ankakadziwa bwino lomwe: kukazinga anyezi m'batala, kuthira mpunga wosatsuka kuti utenthe kaye, kuthira vinyo woyera pang'ono, kenako msuzi wotentha chipande chimodzichimodzi, uku ukutakasa osalekeza kwa mphindi pafupifupi 18, n'kuphula, n'kumalizira batala ndi tchizi moto utachoka. Koma Kilombero ndi mpunga wautali, wonunkhira, umene ubwino wake ndi kuyoyoka. Risotto imafuna mpunga waufupi wonenepa monga Arborio kapena Carnaroli, umene umatulutsa phalaphala lake ukamatakasidwa koma m'kati n'kukhalabe wolimba pang'ono. M'bulazala uja ankalawa risotto ya ababa n'kunena kuti yakoma, koma nkhope yake inkaoneka kuti ikukumbuka china. Ababa anakhala zaka 30 akuganiza kuti dzanja lawo ndi limene likuperewera. Usiku umenewo, ndi foloko imodzi, anadziwa kuti vuto silinali dzanja.

Sindinathe kuyankha. Ndinamwa madzi. Anapitiriza kudya mwakachetechete, akuyamba m'mphepete mwa mbale kumene kumazizira msanga, ndipo anandiuza kuti chikasucho ndi zafferano, timaulusi tofiira ta m'kati mwa duwa, timene amatola ndi manja. Pamafunika maluwa oposa 100 kuti papezeke gilamu imodzi. Ku mishoni kankabwera m'timapepala ting'onoting'ono m'sutikesi ya wansembe wochokera ku tchuthi, ndipo ababa ankatisunga m'chitini chokhoma, kudikira Khirisimasi kapena tsiku lobwera bishopu.

Ine anandisankhira casoncelli, pasta yopinda ngati kathumba, m'kati muli nyama, yothiridwa batala wosungunula, salvia ndi tinyama tankhumba tokazinga. Ndi chakudya cha ku Bergamo kwenikweni, ndipo ababa anadabwa kuchipeza pa menyu ya ku Joni. Nditaluma kamodzi ndinabwerera pakhonde la kuseri kwa khitchini ija, ndili ndi zaka 7 kapena 8, ababa atandipatsa kamodzi kong'ambika kamene sikakanapita ku tebulo. Ndinali nditaiwala kuti ndinadyapo. Lilime silinaiwale. Anandifunsa ngati mtanda wake ndi wopyapyala mokwanira, ndipo anatenga kamodzi m'mbale mwanga n'kukayang'anitsa pa kandulo. Anati amene wapinda ali ndi manja abwino, koma wagwiritsa makina. Iwo ankafutukula mtanda ndi botolo la vinyo wa Misa lopanda kanthu mpaka pamene wina anawabweretsera chofutukulira chamtengo.

Pali chinthu china chimene chinkachitika usiku wonse chimene chinkandipweteka. Tikangomaliza mbale, manja a ababa ankayamba okha kusonkhanitsa. Ankaika foloko ndi mpeni pamodzi, kusanjikiza mbale yanga pa yawo, kusesa nyenyeswa za buledi ndi m'mphepete mwa dzanja. Kawiri konse anafuna kunyamuka kuti amupatsire mnyamata uja. Kachitatu mnyamatayo anaika dzanja lake pang'ono pa mkono wawo n'kunena kuti, "Bambo, siyani, ntchitoyi lero ndi yanga. Inu mwagwira kale." Sindikudziwa ngati anadziwa kukula kwa mawu amene ananenawo. Ababa anabweza manja n'kuwaika pamiyendo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona atatsamira mpando.

Kenako kunabwera chimene anadzera, ossobuco ndi polenta. Dzinali limangotanthauza fupa la bowo. Ndi msongolo wa mwana wa ng'ombe wodulidwa mopingasa, fupa lili pakati ndi mafuta ake a m'kati, wophikidwa pamoto wochepa ndi vinyo, anyezi, karoti ndi selari mpaka nyama izichoka yokha. Pamwamba amawaza khungu la ndimu lopala, adyo ndi pasile zodulidwa bwinobwino. Ku Balaka ababa ankagula msongolo wa ng'ombe yaikulu pamsika, n'kupempha wogulitsa kuti audule ndi sowo m'malo mwa chikwanje kuti fupa lisaphwanyike, ndipo ankauika pamoto m'mawa kuti ufewe pofika masana. Apa anawapatsa kasupuni kakang'ono kowonda kokolowolera mafuta a m'fupa. Anakatembenuza kawiri n'kumwetulira. Anati kasupuni kotere kunali kamodzi kokha pa mishoni, ndipo kanali ka bambo mfumu.

Nyama anaiyamikira. Polenta sanaiyamikire. Inabwera yofewa, yoyenderera m'mbale ngati phala la mwana, yodzaza batala. Anaitapa n'kuisiya igwe pa supuni, ndipo anati, "Ili ndi phala. Munthu wa ku Bergamo sangadye izi."

Polenta ndi nsima ya Ataliyana a kumpoto, ndipo pa nkhani imeneyi ababa sagonjera munthu. Amaphikira ufa wa chimanga chachikasu wogayidwa mokhakhala, wokhakhala kuposa mgaiwa wathu. Kusiyana kwake ndi nsima n'koti m'madzi amathiramo mchere, ndipo savundula mphindi zochepa ngati ife. Amatakasa ndi mthiko mphindi 40 kapena kuposa, mumphika wa mkuwa, mpaka iyambe kudzichotsa yokha m'mbali mwa mphika. Akatero amaikhuthulira pa thabwa, iime ngati chulu, n'kumaidula ndi ulusi. Ansembe aja, akasowa ufa wachikasu, ankadya nsima yathu mosangalala, ndipo ankauza ababa kuti anthu a kum'mwera kwa Italy amawanyoza a kumpoto powatchula kuti polentoni, odya polenta. Mu 1992, chaka cha chilala, pamene chimanga chachikasu chinkabwera ngati thandizo ndipo anthu m'mudzi ankadandaula kuti nsima yake ikununkha, ku mishoni kunali chimwemwe chobisa. Ababa ankapita nacho kuchigayo n'kuuza wogayitsa kuti asachisalalitse.

Ine monga namwino ndinali ndi changa chowonjezera, ndipo ndinawauza. Chimanga si cha ku Italy, monganso si cha kwathu. Chinachokera ku America, n'kufalikira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Alimi osauka a kumpoto kwa Italy anachikonda chifukwa chinkabereka kwambiri, mpaka mabanja ambiri ankadya polenta yokhayokha m'mawa, masana ndi madzulo, yopanda ndiwo. Zotsatira zake zinali matenda a pellagra, amene amabwera thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin: khungu limakakala n'kuda m'malo owombedwa ndi dzuwa, munthu amatsegula m'mimba, mapeto ake mutu umasokonekera. Dzina la matendawa n'la Chitaliyana, limatanthauza khungu lokakala. Ndi matenda omwewa amene anagwira anthu ambiri othawa nkhondo a ku Mozambique m'misasa ya m'Malawi cha m'ma 1989 ndi 1990. Chakudya chimene tinkalipira ndalama zambiri usiku umenewo chinali cha amphawi a kwawoko. Ababa anamvetsera, n'kunena kuti m'bulazala uja ankasimba kuti ali mwana, kwawo ankapachika kansomba kamodzi kouma pa chingwe pamwamba pa tebulo, aliyense n'kumakhudzitsako polenta yake kuti imveke fungo. "Ngati ife ndi usipa umodzi," anatero.

Mnyamata wa ku Mangochi uja ayenera kuti anakanena kukhitchini kuti pa tebulo lina pali mdala wa ku Malawi amene akuti polenta ndi phala. Patapita kanthawi kunatuluka mkulu wa ophika, mzungu wa zaka za m'ma 50, atavala zoyera, thaulo paphewa. Ndinachita mantha kuti wakhumudwa. Ababa anaimirira msanga n'kumanga batani la jekete. Mkuluyo analankhula Chingerezi, koma ababa anamuyankha m'Chitaliyana, mawu ochepa osweka, koma omveka. Bamboyo anatsegula maso. Anakoka mpando wa pa tebulo loyandikana nalo n'kukhala, ndipo anagwira ababa pamkono kuti nawonso akhale.

Zimene anakambirana sindinazimve zonse. Zinali Chitaliyana, Chingerezi ndi manja. Ndinamva Bergamo, ndinamva Balaka, ndinaona ababa akusonyeza ndi manja awiri mmene amakokera ulusi pansi pa polenta. Mkuluyo anavomera kuti ababa akunena zoona. Anati polenta yolimba anaiyesapo, koma makasitomala a kuno ankaibweza ponena kuti ndi pap wamba, nsima ya kuno, ndiye anaifewetsa n'kuwonjezera batala. Iye anabadwira ku Johannesburg konkuno. Agogo ake aamuna anabwera ngati mkaidi wa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kutsekeredwa ku Zonderwater, kufupi ndi Cullinan, kumene kunasungidwa asilikali a Italy zikwizikwi ogwidwa kumpoto ndi kum'mawa kwa Africa kuyambira mu 1941. Nkhondo itatha ena anakhazikika m'dziko muno, ndipo madera ngati Orange Grove anadzadziwika ndi mashopu ndi malo odyera a Ataliyana. Ababa atamva zimenezi anati amalume awo anali msilikali wa KAR, gulu la asilikali a mu Africa la Angerezi, ndipo anakamenya nkhondo yomweyo ku Abyssinia, Ethiopia wa lero, kulimbana ndi Ataliyana. Anayang'anana, ndipo mkuluyo anaitanitsa timatambula tiwiri ta grappa, kachasu wa Ataliyana. Ababa samwa mowa chiyambire kudwala shuga, koma ananyowetsa milomo.

Asanabwerere kukhitchini anafunsa ababa ngati pali chimene angafune. Ine ndinkaganiza kuti anena tiramisù, chotsekemera cha khofi ndi zonona, chifukwa ndinali nditawaona akuyang'ana ya pa tebulo lina. Iwo anapempha khungu la tchizi. Mkuluyo anaseka mokondwa n'kuwagwira paphewa, ndipo anamvetsa nthawi yomweyo. Ine ndi amene ndinafunika kufotokozeredwa. Parmigiano Reggiano ndi tchizi cholimba chimene amapanga m'madera a Parma, Reggio Emilia ndi Modena ndi oyandikana nawo. Chigubu chimodzi chimalemera makilogalamu pafupifupi 40, chimadya malita a mkaka oposa 500, ndipo sichigulitsidwa chisanakhale miyezi 12. Ku mishoni chinkafika m'zidutswa zokulunga m'mapepala, kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo ababa ankachipala mosamala mpaka kutsala khungu lolimba la kunja. Khungulo sankataya. Ankalipala pang'ono ndi mpeni, n'kuliponya mumphika wa nyemba kapena wa supu ya masamba, liziwira momwemo. Ndiye chinsinsi cha nyemba za ababa, zimene akazi a m'mudzi ankafunsa amayi kuti amuna anu amathiramo chiyani. Chipumireni ntchito mu 2007 anali asanaligwirenso.

Anatibweretsera zidutswa zitatu zokulunga m'pepala loyera, zilembo za dzina la tchizicho zikuoneka timadonthomadontho pakhungupo. Ababa ananunkhiza, anapinda pepalalo bwinobwino n'kuika m'thumba la m'kati la jekete, kumene amasunga pasipoti.

Tiramisù tinadya imodzi awiri, iwo masupuni awiri okha chifukwa cha shuga. Khofi anaitanitsa espresso. Ine nditati ndifuna cappuccino anandiyang'ana, n'kunena kuti mkaka ndi wa m'mawa, ndiye ndinamwa espresso yowawayo. Bilu itabwera ndinaitenga msanga n'kuibisa pansi pa tebulo. Inali ndalama yoposa imene ndimatumiza kumudzi pamwezi, ndipo sindinong'oneza bondo ngakhale pang'ono. Kuno mwambo ndi kuwonjezera 10 peresenti ya woperekera zakudya, ndipo ndinawonjezera kuposa pamenepo. Koma ababa sanakhutire ndi ndalama yodutsa pa makina imene sanaione. Anatulutsa R50 yawo, imene ndinawapatsa tsiku lofika kuti azigulira nyuzipepala, anaipinda kanayi, ndipo potsanzikana anaiika m'dzanja la mnyamata uja ndi manja awiri. Anamuuza kuti aphunzire kuphika, asakhalire kunyamula mbale, ndiponso kuti Disembala akaone amayi ake.

Pobwerera tinakwera takisi ya pa foni chifukwa kunali kutada. Ababa anakhala chete njira yonse, akuyang'ana magetsi a mumsewu wa M1. Tili pafupi kufika anandifunsa ngati mpunga uja umapezeka m'mashopu a kuno. Ndinati umapezeka. Anafunsa mtengo wa paketi, ndinawauza, ndipo ulendo uno sanasinthe kukhala makwacha.

Loweruka ndinagula mapaketi awiri a Carnaroli, batala, botolo laling'ono la vinyo woyera ndi nkhuku ya msuzi. Lamulungu titachoka ku Misa anavula jekete, anapinda manja a shati, n'kutitulutsa tonse m'khitchini kupatula mdzukulu wawo, amene anamukhazika pa kampando kake pafupi ndi chitseko. Ndinkawamva kuchokera pabalaza, chipande chikugunda poto, akulankhula ndi mwana wa miyezi 9 kuti piano piano. Atatha anabweretsa mbale zitatu, osati ziwiri. Anapendeketsa yawo pang'ono, mpunga unayenda, ndipo anakoka mpando.

Paketi yachiwiri anapita nayo ku Balaka, pamodzi ndi zidutswa ziwiri za khungu lija. Chachitatu anandisiyira m'firiji, ndi malangizo akuti nyemba zikhale za kholophethe ndipo ndiliponye madzi akangoyamba kuwira.